Tsiku Limene Ndinabatiza a Sista mu Kolorini

Anzanga, mwandivutitsa mokwanira. Aliyense tikakumana pamsika, moni wake ndi womwewo: "Abusa, muli bwanji? Ubatizo wina uliko liti?" Ngakhale a kabaza amene sindikuwadziwa n'komwe ayamba kundiitana choncho. Ndiye ndati bola ndiifotokoze ndekha nkhaniyi, chifukwa mmene akuifotokozera mnzanga wa kuntchito a Nabanda akuthira mchere wambiri, mpaka akuti ndinayambitsa nyimbo. Nyimbo sindinaimbe ine. Zina zonsezo, eya, n'zoona.

Kwa amene simundidziwa, ndine Nangozo, ndimakolopa kuchipatala chathu chaching'ono cha kumtunda kuno, mbali ya amayi ochira, kumateniti. Sukulu ndinalekera sitandade 3, chilembo ndimachiwerenga ngati ndikutola nyemba pamchenga, koma mutuwu Mulungu anandipatsa. Mukandiuza chinthu kamodzi, chakhala basi. Ndikhoza kukutchulirani mwana aliyense amene anabadwira m'chipinda chija, kaya kunali mvula kaya dzuwa, kaya mayi ake anatukwana bambo ake kangati, ndipo ena mwa anawo lero ndi a kabaza omwewa akunditchula abusa. Ntchito imeneyi ndimaikonda, musaone mopu. Mwana akalira koyamba ine ndili pakhomo ndi ndowa yanga, mtima umangoti myaa, ngati ndabereka ndine.

Tsiku lina Lolemba a Jere, bambo amene ndi namwino wathu wamkulu, anandiitana.

"A Nangozo, Lachinayi muli ndi mayeso."

"Mayeso a chiyani, ine munthu wopanda pensulo?"

Anandifotokozera kuti ku Blantyre kuli a Sista ena, a Sista Kalua, ntchito yawo ndi yoonetsetsa kuti anthu asamatengere matenda kuchipatala komweko, munthu kubwera ndi malungo n'kubwerera kwawo ndi chilonda cha mafinya. Akuti m'zipatala zina michombo ya makanda ikumatukusira, ndiye a Sistawo akufuna kuona aliyense wogwira ntchito kumateniti, mmene amasambira m'manja, mmene amakolopera, mmene amasamalira zitsulo.

"Nanga wolephera?" ndinafunsa.

A Jere anakanda kumutu. "Wolephera amuchotsa kumateniti. Azikasesa panja ndi kuotcha zinyalala kudzenje."

Kudzenje! Abale inu, mukulidziwa dzenje lathu? Kuseri kwa zimbudzi uko, utsi tsiku lonse, anzako akhwangwala okhaokha. Zaka zonsezi ndikulandira ana, ndikathere kumeneko? Ndinati ayi, mayeso amenewa ndikhoza, olo manja asupuke.

Pomaliza a Jere anati, "Abwera pa foni." Tamvani bwino mawu amenewo. Ine m'makutu mwanga munalowa kuti abwera, adzaimba foni akamayandikira. Kodi inu mukanamva bwanji?

Ndiye ndinayamba kukonzeka monga mmene munthu woleredwa amakonzekera mlendo. Lachitatu ndinakumba mbatatesi, ndinasankha zikuluzikulu zokhazokha, dengu tho, pamwamba ndinaikapo mapichesi. Yunifomu ndinachapa n'kusita ndi makala. Ndinasesa kuyambira pakhonde la chipatala mpaka kumsewu. Kunyumba ndinkangosamba m'manja, kusamba m'manja, kuyeserera, mpaka zala zinachita makwinya ngati za munthu wochapa kumtsinje. Bambo a kunyumba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kodi manjawa mukufuna kuwasenda ngati chinangwa?" Ndinati, "Inu musandisokoneze, ndaiwala chala chachikulu," n'kuyambiranso.

Lachinayi m'mawa ndili chilili pageti, dengu pambali, khosi lili kumsewu. A Jere anandipeza pomwepo.

"Mukudikira ndani, a Nangozo?"

"Galimoto ya a Sista."

Anandiyang'ana, anayang'ana dengu, anayang'ana msewu wathu uja mmene unalili ndi mvula ya sabata imeneyo, matope ofika m'mawondo, kenako anagwira chipata kuti asagwe ndi kuseka.

"Galimoto iti? A Sista ali mu ofesi mwawo ku Blantyre. Akuonani pa foni, pa vidiyo. Masiku ano zipatala zakutali ngati chathu amaziyendera choncho."

"Nanga mbatatesizi?"

"Muwaonetse, akhuta ndi maso."

Kumeneko kunali kuphunthwa koyamba, koma ndinati palibe kanthu, kuphunthwa si kugwa. Dengu ndinakalibisa kuseri kwa chitseko.

Tsono netiweki ya kuno mukuidziwa, ili ngati mkamwini wamanyazi, imangosuzumira n'kuthawa, ukasuntha phazi limodzi foni yagwira ya ku Mozambiki. M'chipinda chochilira imagwira malo amodzi okha, pazenera la pamwamba pa sinki. A Jere anaimika foni yawo pamenepo n'kuitsamiritsa kubotolo la sopo. Foni yatsopano, anali asanachotse n'kapulasitiki komwe, zithunzi zonse za ukwati wawo zili momwemo. Ndipo pansi pa zeneralo, pambali pa sinki, panali ndowa yanga ya madzi a kolorini, imene timaviikamo zitsulo zikagwira ntchito. Ndowa imeneyo muikumbukire.

Foni inalira, a Jere anadina, nkhope inatulukira. Mayi wooneka bwino, magalasi m'maso, tsitsi lalitali lonyezimira mpaka m'mapewa. 

"Ndi mayi Nangozo amenewa? Chabwino. Tiyambe ndi kusamba m'manja, mundionetse mmene mumachitira."

Apa ndiye ndinaonetsa ukatswiri. Ndinavula mphete, ndinanyowetsa manja, sopo, zikhatho, kuseri kwa dzanja ili, kuseri kwa dzanja ilo, pakati pa zala, zala zopinda, chala chachikulu chija sindinachiiwale, zikhadabo kuzipekesa pachikhatho, mpaka m'mikono. Ndinatsukuluza, mpopi ndinatseka ndi chigongono, manja ndinawaimika m'mwamba kuti aume okha ngati munthu wogwidwa ndi apolisi. A Jere kumbali akungogwedeza mutu, akunyadira.

"Eee, mwachita bwino kwambiri, mayi," anatero a Sista. "Pepani, ndathamangira ntchito osakupatsani moni. Mwadzuka bwanji?"

Tsono ine amayi anga anandilera. Munthu wamkulu akakupatsa moni suyankha uli chilili ngati mtengo wa magetsi. Thupi linangochita lokha, ndinagwada pansi, dzanja lina pasimenti, lina pabondo.

"Tadzuka bwino, kaya inu a Sista?"

"Mayi Nangozo? Mwapita kuti? Ndikungoona khoma."

"Ndili pansi pano, a Sista."

"Mukutani pansipo?"

"Ndikukuyankhani moni."

Ndinadzuka, ndipo poona kuti dzanja latenga fumbi, ndinalipukutira payunifomu, kutsogolo ndi kumbuyo, bwinobwino, pamaso pawo. A Jere anabisa nkhope m'manja.

"Manja oyera aja ali kuti tsopano?" anafunsa a Sista.

Ndinawayang'ana manja anga ngati ndi a munthu wina.

"Ulemu wanu ndaulandira, mayi, koma tizilombo ta pasimenti sitidziwa ulemu. Yambiraninso."

Ndinayambiranso, nkhope ikutentha ngati ndayandikira ng'anjo ya njerwa. Ndili mkati mosamba, kunja kunamveka phokoso, munthu wagwa pa njinga yamoto, abwera naye mwendo uli magazi okhaokha. A Jere anati, "Pitirizani, ndikubwera. Foni musaigwire, ikasuntha netiweki ithawa." Anatuluka. Ndinatsala ndekha ndi a Sista.

"Tsopano ndiuzeni," anatero, "mukamaliza kukolopa, mopu mumaisunga bwanji?"

"Ndimaichapa, ndimaiviika mu kolorini, ndimaitsukuluza, kenako ndimakaiyanika padzuwa mutu uli m'mwamba."

"Masiku onse?"

"Masiku onse, a Sista."

A Sista anakweza nsidze, anatsegula pakamwa pang'ono ngati akufuna kunena kanthu, n'kungokhala choncho. Duu. Osaphethira. Maso ali pa ine.

Ndinadikira. Ali chete. Ndinamwetulira. Iwo osamwetulira. Abale, mayang'anidwe amenewo ndinkawadziwa, ndi aja amayi anga ankandiyang'ana nawo ndikabwera kuchokera kukhitchini pakamwa pali mafuta, ine ndikuti ndiwo sindinazione. Munthu akakuyang'ana choncho ndiye kuti akudziwa kale, akungofuna unene wekha.

"Chabwino, a Sista, ndinene zoona. Si masiku onse. Mvula ikamagwa ndimaisiya mundowa mpaka mawa lake."

Duu. Nsidze zili m'mwamba.

"Komanso chimanga chootcha chija a Jere anachipeza mukabati ya nsalu zoyera, chinali changa. Ndinanamizira gadiyani."

Duu.

 Ndinati mayi ameneyu ndi wotani, mtima wake ndi mwala?

"Magolovesi aja anasowa nthawi yozizira, ndinapita nawo kunyumba ndine, ndinkasinja tsabola. Koma sindinawabweze kuno, a Sista, ndinawataya, pamenepo mundiyamikire."

Ngakhale kuphethira kumene. Anga machimo anali atatha, ndiye ndinayamba a anzanga.

"Ndipo si ine ndekha. A Nabanda masana amagona pabedi la odwala, osavula n'nsapato zomwe."

"Ndamva dzina langa!"

Anali a Nabanda eni ake, mnzanga wochapa nsalu za chipatala, ataima pakhomo ndi beseni. Tinayamba ntchito chaka chimodzi, timadyera limodzi, timakangana tsiku ndi tsiku. Anaika beseni pansi, anayandikira zenera, anasuzumira foni ija, kenako anaomba m'manja.

"Iii, a Nangozo! Mukuulula machimo kwa chithunzi? Yaima iyi! Netiweki yathawa. Sakukuonani, sakukumvani, palibe munthu apa."

"Zoona?"

"Ine mwana wanga ali ku Lilongwe, timaimbirana mavidiyo amenewa, ndimazidziwa. Taonani." Anagwedeza dzanja pamaso pa a Sista. Anawatulutsira lilime. A Sista ali duu, pakamwa pali yasa.

Ndinapuma mpweya wonse umene ndinausunga kuyambira Lolemba. Ndinatsamira sinki.

"Ndiye mumati mundigulitse, eti?" anatero a Nabanda. "Bedi lake liti limene munandiona?"

"Pepani anzanga, madzi anafika m'khosi. Koma taonani nsidzezo, inu simukanaulula?"

Tinayamba kuwayang'anitsitsa a Sista momasuka, monga mmene umayang'anira galu woopsa ali pa unyolo.

"Komatu wigi iyi yapendama," anatero a Nabanda.

"Yapendamadi. Ndipo zikhadabo munaziona? Munthu wofunsa za mopu, kodi anaigwirapo mopu chibadwire?"

Tikuseka choncho, pakhomo panalowa mayi wina wachikulire, a Nasiketi, apongozi ake a mtsikana amene anachira dzulo lake. Anali atanyamula khanda, m'dzanja lina atafumbata kapepala.

"A Nangozo, mundigawireko timadzi pang'ono ndisakanize timankhwala iti."

"Mankhwala a chiyani, amayi?"

Anatambasula kapepala kaja. Mwaye wakuda bii, wa kudenga la khitchini, wosakaniza ndi zina zosinjasinja. Akuti apake pamchombo wa mwana kuti uume msanga, ana awo onse asanu ndi awiri anawapaka zomwezo.

Apa za wigi ndinaziiwala. Anthu oterewa ukawakalipira amangoti "chabwino" n'kukapaka kuseri, ndiye ndinawakokera mpando, ndinati akhale.

"Amayi," ndinatero, "mchombo uwu ndi khomo. Mwanayu miyezi yonse ija amadyera pamenepa, ndipo khomolo silinatsekeke. Chimene muike apa sichikhala panja, chilowa mpaka m'kati. Mukumukumbuka mwana woyamba wa a Naphiri a kuseri kwa tchalitchi chanu? Amene anathamanga naye ku boma mimba itatupa, thupi lili moto?"

"Ndikumukumbuka. Anatsala pang'ono."

"Anabadwira pabedi ilo, ali bwinobwino, ndinamunyamula ndine. Mwaye womwewu ndi umene unamupititsa ku boma. Anu asanu ndi awiri Mulungu anawadutsitsa, koma uyu ndi mdzukulu wanu woyamba wamwamuna, tisamuyesere mwayi. Mankhwala amene a Jere apakapo akwana. Inu ntchito yanu ndi imodzi, manja oyera musanamugwire. Bwerani tisambe limodzi, muone ngati mungandipose."

Anaseka, anapatsira a Nabanda mwana, tinaima pasinki tonse awiri. Ndinawaonetsa zikhatho, kuseri, pakati pa zala. Pofika pachala chachikulu anati, "Ichinso chimasamba pachokha? Ndi mfumu eti?" Ndinati, "Ndi chimene chimagwira zambiri, ngati apongozi." Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kapepala kaja anakaponya okha m'bini.

Kamwanako nakonso kanathokoza mwa njira yake. A Nabanda akukabweza kwa agogo ake, thewera linatseguka mbali imodzi, zonse zija zakudazakuda za mwana wa tsiku limodzi zinatsikira pasimenti. A Nasiketi anatuluka nako akupepesa, ine ndinavala magolovesi anga aatali, ndinatenga chiguduli, ndinagwada n'kuyamba kupukuta.

"Mwaona, a Nabanda," ndinatero ndili chogwada, "ntchito ndi imeneyi. Osati kukhala mu ofesi ku Blantyre, wigi ili pambali ngati chisa cha mpheta, n'kumafunsa anthu za mopu."

"Mayi Nangozo."

Mawuwo anachokera pazenera.

"Si wigi. Ndi tsitsi langa lobadwa nalo."

Mayo ine! A Nabanda analumpha ngati aponda njoka, chigongono chawo chinagunda botolo la sopo, botolo linagubuduka, foni inayamba kutsetsereka pazenera. Ine ndinauluka kuchokera pansi, sindikudziwa kuti msana umenewu unazitenga kuti mphamvu, ndinaiwakha m'malere ndi manja awiri. Ndi magolovesi omwe aja. A Nabanda anangoti, "Ndasiya madzi akutayika," beseni lawo n'kulisiya pomwepo, ulendo.

Ndinatsala ndaima, a Sista ali m'manja mwanga, akuphethira bwinobwino tsopano.

"Chithunzi ndi chimene chinaima, mayi, makutu anga sanaime. Ndamva zonse. Kuyambira mopu, chimanga chootcha, tsabola, mpaka chisa cha mpheta."

A Jere amati pamenepo a Sista ankaseka, anawauza okha pambuyo pake. Ine kuseka sindinakumve. Ndinkangoona dzenje, utsi, ndi akhwangwala akundilandira.

"Tsopano taonani chimene mwachita," anapitiriza. "Mwandigwira ndi magolovesi amene mwapukutira chimbudzi cha mwana. Ndadetsedwa ine. Mutani nane?"

Ndinati funso lomaliza ndi limeneli, ndikalilephera basi kwatha. Ndinafufuza m'mutu muja, ndipo mutu wanga sunandinamizepo. Lamulo linabwera lonse mmene ndinaliphunzirira tsiku loyamba ntchito: chilichonse chakhudza zoipa za m'thupi, mu kolorini, mphindi khumi.

"Chodetsedwa chimalowa mu kolorini, a Sista. Mphindi khumi."

"Zitsulo inde, koma fo..."

N'kuimanso. Pakamwa yasa, nsidze m'mwamba, duu.

Koma ulendo uno ndinali nditachenjera. Ndinati ayi, simundipusitsanso kawiri, muli momwemo, mukumva, mukufuna muone ngati Nangozo amachita zimene amanena kapena ndi wapakamwa chabe. Ndinayang'ana ndowa. Ndinayang'ana a Sista. Chisoni chinandigwira ndithu, munthu wamkulu ngati ameneyo.

"Pepani a Sista," ndinatero, "tsinzinani, madziwa amawawa m'maso."

Chubwi!

Anamira pang'onopang'ono, timathovu tikukwera, nkhope ikuonekabe pansi pa ndowa, akundiyang'ana osatsinzina n'komwe. Ndinati koma mayiyu ndi wolimba mtima. Kenako kunachita mdima. Ine ndinavula magolovesi mwa dongosolo lake, ndinasamba m'manja, chala chachikulu osachiiwala, ndinaima n'kumayang'ana wotchi ya pakhoma.

A Jere analowa akupukuta thukuta.

"Pepani ndachedwa, bala linali lalikulu. Mwamaliza? A Sista ali kuti?"

"Ali mundowa."

"Mwati?"

"Ali mundowa. Atsala ndi mphindi zisanu ndi ziwiri."

Anzanga, ndamva kulira kwa mitundumitundu m'chipinda chimene chija, koma kulira kumene analira a Jere tsiku limenelo sindinakumvepo. Anathamangira ndowa, akupinda malaya, ndipo ine, chitsiru cha Mulungu, ndinawagwira mkono n'kunena kuti, "Valani kaye magolovesi!"

Anaivuula ikudontha. Anaidina, zii. Anaigwedeza, inangotulutsa madzi. Anakhala pampando uja munakhala a Nasiketi, foni ili pachifuwa, akungoti, "Zithunzi za ukwati. A Nangozo, zithunzi za ukwati." Pamenepo m'pamene nzeru zinandibwerera, zochedwa ngati ambulansi ya nthawi ya mvula. Ndinati kodi ine ndaviika chiyani? Chitsulo chimene chimalankhula?

Ndinaikulunga pachitenje, ulendo wa kumsika kwa Che Amidu, amene ali ndi golosale ndipo amatchajanso mafoni. Anaitembenuza uku ndi uku, anainunkhiza.

"Inagwera m'madzi?"

"Sinagwere, Che Amidu. Ndinaiikamo."

"Mwadala?"

"Mwaulemu."

Anaitana akazi awo kuti adzamve okha. Atatha kuseka anaikwirira m'chitini cha mpunga, akuti mpunga umayamwa madzi, tidikire masiku atatu. "Koma mpunga umenewu ndidya ndekha," anatero, "ndikagulitsa anthu aziti ndiwo zawo zikununkha chipatala."

Dengu la mbatatesi lija ndinalitulutsa kuseri kwa chitseko n'kupita nalo kwa akazi a a Jere. Kumeneko ndiye ndinagwada mpaka mawondo kuwawa, ndipo palibe anandifunsa za tizilombo.

 Loweruka ndinapita ndekha kudzenje kukaliona, kuti tizolowerane. Ndinaima pamenepo utsi ukundilowa m'maso, kumateniti kunamveka mwana akulira koyamba, ndipo misozi imene inatuluka sinali ya utsi yokha ayi.

Lolemba m'mawa a Jere anandiitana m'chipinda chochilira. Foni ili pazenera! Yadzuka! Zithunzi za ukwati zonse zilimo, kungoti mawu ake anasasa, mpaka lero imalankhula ngati munthu wa chimfine. Ndowa ya kolorini a Jere anali ataisunthira kukona ya kutali, iwo ataima pakati pa ine ndi ndowayo ngati goloyi.

Nkhope inatulukira, tsitsi lija likungonyezimira.

"Abusa, mwadzuka bwanji?"

Dzina lija linayambira pamenepo, musamanamizire a Nabanda. Mawondo anafuna kupinda okha koma ndinawalimbitsa, ndinayankha ndili chilili, manja m'mwamba.

"Tadzuka bwino, a Sista. Pepani kwambiri. Munamwa madzi ambiri?"

Anaseka mpaka anavula magalasi, ndipo ulendo uno kusekako ndinakumva.

"Mayi Nangozo, tamverani. Mopu ya mundowa tikonza. Chimanga mukabati chisapezekenso. Foni, kapena chilichonse cha magetsi, timapukuta ndi thonje la sipiriti, sitimiza. Mwamva?"

"Ndamva, a Sista, ndipo ine ndikamva chakhala."

"Ndaona kale zimenezo. Koma ndikuuzeni chinthu. Anthu onse amene ndimawaona pa foniyi amasamba m'manja bwino chifukwa akudziwa kuti ndikuwayang'ana. Chimene sindichiona ndi chimene amachita foni ikazima. Inu munkaganiza kuti palibe akukumvani, ndipo ndinamva mmene munalankhulira ndi agogo aja mpaka anataya okha mwaye. Mayeso anu anali amenewo. Kumateniti simuchoka. Ndipo ndapempha a Jere kuti m'mawa uliwonse muziphunzitsa magadiyani kusamba m'manja, ndi mawu omwe aja a khomo losatseka."

Ndinafuna kugwada, ndinafuna kuvina, ndinafuna kuikumbatira foniyo, koma a Jere anatambasula manja, "Apo pomwepo, a Nangozo, musayandikire."

"Chinanso," anatero a Sista, "nkhani yanuyi ndikumaifotokoza ndikamaphunzitsa zipatala zina. Dzina sinditchula."

Dzina satchula, koma mlamu wanga wa ku Matope anandiimbira sabata yomweyo, akuti, "Mlamu, kuli mayi wina kumtunda kwanuko anabatiza nesi wa ku Blantyre mundowa, mukumudziwa?" Ndinati sindikumudziwa, kumtunda kuno anthu ndi ambiri.

Ndiye ndi imeneyo nkhani yake, mwaimva kwa mwini wake. Ndikadali kumateniti, mdzukulu wa a Nasiketi mchombo unagwa bwinobwino, akukwawa tsopano, ndipo agogo akewo akabwera kusikelo amandionetsa chala chachikulu ali patali. Ine ndinalumbira zinthu ziwiri. Chinthu chimene chimayankha moni sindidzachiviikanso mu kolorini, olo chidetsedwe bwanji. Ndipo nkhope ikaima pa foni, pakamwa panganso pamaima.

A Nabanda mpaka lero amalimbikira kuti ija ndi wigi. Ine sindifulumira kuyankha. Ndimayamba ndayang'ana pazenera, ndayang'ana m'thumba la a Jere, ndipo ngakhale foni ikhale yozima, ikhale pansi pa mpunga wa Che Amidu, ndimanena mokweza kuti amve bwino: "Ndi tsitsi lawo lobadwa nalo!"